Ulimi wa nthochi ku Nkope ndi kummwera kwa Nyanja ya Malawi

Ulimi wa nthochi ku Nkope ndi m'midzi ina ya kummwera kwa Nyanja ya Malawi ndi ulimi wa pakhomo ndi wa kudimba. Mabanja ambiri omwe ali ndi nthochi m'derali amadalira kwambiri usodzi, chimanga ndi timalonda tina, ndipo nthochi imangothandizira. Nkope ali m'boma la Mangochi, m'mbali mwa msewu wa M10 wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay. Malowa amadziwika ndi mishoni ya mpingo wa Anglican, yomwe ili ndi chipatala ndi sukulu yophunzitsanso ana osaona, komanso ndi mapale akalekale omwe Keith Robinson anafukula pagombe lake m'zaka za m'ma 1960, omwe akatswiri a mbiri yakale amawatchula ndi dzina la Nkope mpaka lero.

Maboma otchuka ndi nthochi m'Malawi ndi Thyolo, Mulanje, Nkhata Bay, Karonga ndi Chitipa. Mangochi sali m'gulu limeneli, ngakhale ali ndi zinthu ziwiri zomwe nthochi imafuna koposa: kutentha ndi madzi ambiri pafupi. Nthochi za m'derali zimathera pakhomo ndi m'misika yapafupi, sizitumizidwa kunja kwa dziko. Dziko lonse la Malawi, lomwe kale linkadzidalira pa chipatsochi, lakhala likugula nthochi ku Tanzania ndi ku Mozambique kuchokera pamene matenda a chisaka anawononga minda yambiri.

Chomera chake ndi mitundu yake

Nthochi inachokera kummwera chakummawa kwa Asia ndi ku New Guinea, ndipo inafika mu Africa zaka mazana ambiri zapitazo. Anthu amati "mtengo wa nthochi", koma akatswiri a zomera saiwerengera m'gulu la mitengo. Chomwe chimaoneka ngati thunthu ndi mapesi a masamba okutirana, odzaza ndi madzi. Tsinde lenileni lili pansi pa nthaka, ndipo mizu ndi ana zimachokera pamenepo. Thunthu lililonse limabereka mkoko umodzi wokha, kenako limadulidwa, ndipo mwana wophuka pambali pake ndi amene amalowa m'malo.

Nthochi zodyedwa zilibe njere zoti n'kumera, choncho wofuna kubzala amakumba mwana pa tsinde lina. Izi zili ndi ubwino wake, chifukwa mlimi sagula mbewu chaka ndi chaka monga amachitira ndi chimanga cha makono. Koma zilinso ndi tsoka lake. Matenda ali mwa mayi amapita kwa mwana, ndipo mwanayo akamangidwa pa njinga kupita kwa achibale m'mudzi wina, matenda apita nawo.

Mitundu yomwe imagulidwa kwambiri m'matauni ndi ya gulu la Cavendish, monga Kabuthu, yemwe ndi wamfupi, Mulanje ndi Williams. Palinso Sukari, wa zipatso zing'onozing'ono zotsekemera kwambiri, ndi mitundu yolimba monga Zambia ndi Kholobowa, yomwe imapirirako chilala ndipo amayi amapangira zitumbuwa ndi chigumu. Kumpoto, makamaka ku Karonga, nthochi zophika ndi chakudya chenicheni, ndipo mbalagha, nthochi zosapsa zophika ndi nyama, ndi chakudya cholemekezeka. Mayina a mitundu amasintha dera ndi dera, moti nthochi imodzi imatha kukhala ndi mayina awiri kapena atatu.

Nyengo ndi nthaka ya m'mbali mwa nyanja

Nthochi imakula bwino pamalo otentha madigiri apakati pa 26 ndi 30, ndipo siipirira chisanu. Pa mbali imeneyi gombe la Mangochi lilibe vuto. Vuto lili pa madzi. Nthochi siidziwa kuti kunja kuli chilimwe: masamba ake akuluakulu amataya madzi tsiku lililonse, ndipo imafuna chinyontho miyezi yonse 12. Mvula ya m'derali imagwa makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi ndipo kawirikawiri siifika mamilimita 1,000 pa chaka, pamene ku Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay imagwa yambiri kuposa pamenepo, kuphatikizapo mvula ya chiperoni kapena yowaza m'miyezi yozizira. Nthochi yosathirira ku Nkope imakhala miyezi 7 kapena kuposerapo ikudikira, ndipo mkoko wake umatuluka waung'ono.

Nthaka nayo ndi yosiyanasiyana. Pafupi ndi gombe pali mchenga womwe susunga madzi kapena chonde. M'madambo muli makande omwe amamata m'dzinja ndi kung'ambika m'chilimwe, ndipo mizu ya nthochi imawola madzi akakhazikika kwa masiku angapo. Malo abwino ndi a dothi lokokoloka m'mbali mwa timitsinje totsikira kunyanja. N'chifukwa chake nthochi zonenepa m'midzi yambiri zimapezeka kuseri kwa bafa, pafupi ndi mjigo kapena pa dzala, pomwe pamafika madzi otsukira, phulusa ndi zinyalala tsiku ndi tsiku. Popanda mlangizi aliyense, malo amenewa amaonetsa zomwe mbewuyi imafuna.

Mphepo ya mwera, yomwe asodzi amaiopa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, imang'amba masamba ndi kugwetsa nthochi zolemedwa ndi mikoko. M'chilimwe mbuzi zoyenda zokha zimadya ana a nthochi, kufupi ndi mapiri kuli anyani ndi apusi, ndipo m'madimba a m'mphepete mwa madzi mumalowa mvuu. Kukwera kwa madzi a m'nyanja m'chaka cha 2024, komwe kunamiza nyumba ndi malo ogona alendo m'mbali mwa gombe la Mangochi, kunaonetsanso kuti munda wa mbewu yokhalitsa suyenera kukhala pafupi kwambiri ndi madzi.

Kalimidwe

Alangizi a zaulimi amalimbikitsa kukumba mayenje a masentimita 60 kapena kuposerapo m'litali, m'lifupi ndi kuya, motalikirana mamita 3, ndi kusakaniza dothi lapamwamba ndi manyowa owola bwino. Mwana wabwino wobzala ndi wa masamba opyapyala osongoka ngati mkondo ndi tsinde lonenepa. Wa masamba otambalala akadali wamng'ono amaoneka wokongola koma sabereka bwino. Pa phando limodzi pamayenera kutsala nthochi zitatu zokha: mayi wobereka, mwana ndi mdzukulu. Alimi ambiri amamva chisoni kudula ana owonjezera, ndipo mapeto ake phando limasanduka chitsamba cha mathunthu 15 olimbirana chakudya, opanda mkoko wogulitsika.

Ntchito zina ndi kuphimbira nthaka ndi udzu kapena masamba ouma, kuchotsa masamba odwala, kudula duwa la kunsonga mkoko ukamaliza kutuluka, ndi kuchirikiza thunthu ndi mphanda. Nthochi imadya kwambiri mchere wa potaziyamu, n'chifukwa chake phulusa limaithandiza. Pamalo otentha, nthochi yothiriridwa bwino imatulutsa duwa pakatha miyezi 9 mpaka 12, ndipo mkoko umakhwima pakatha miyezi ina 3 kapena 4. Kuthirira kumachitika ndi makeni, mapampu opalasa ndi miyendo, ndipo masiku ano ndi mapampu a sola. Mlimi amayenera kuthirira chaka chathunthu asanaone ndalama iliyonse. Tomato kapena mpiru zimabweza ndalama m'miyezi itatu, ndipo kusiyana kumeneku ndi chifukwa chimodzi chomwe madimba a m'derali amadzalira masamba m'malo mwa nthochi.

Matenda a chisaka

Chisaka ndi matenda oyamba ndi vayirasi, ndipo ndi omwe anasintha mbiri ya nthochi m'Malawi. Anaoneka koyamba m'chaka cha 1994 ku Thiwi m'boma la Nkhotakota, ndipo akatswiri anatsimikiza za matendawa m'chaka cha 1997. Kuchokera kumeneko anafalikira m'mbali mwa nyanja, kenako anafika ku Thyolo ndi ku Mulanje, komwe madera ngati Thekerani ndi Masambanjati ankatumiza malole a nthochi ku Limbe ndi ku Blantyre. Mabanja omwe ankalipira sukulu ndi kumanga nyumba za malata ndi ndalama za nthochi anaona minda yawo ikutha chaka ndi chaka. Matenda omwewa anagwetsa ulimi wa nthochi ku Australia m'zaka za m'ma 1920.

Nthochi yodwala chisaka siivuta kuizindikira. Masamba atsopano amatuluka aafupi, opyapyala ndi oimirira, ndipo amaunjikana pamwamba ngati tsache. M'mphepete mwake mumachita chikasu, ndipo pa msempha wa tsamba ndi pa phesi pamaoneka timizere tobiriwira kwambiri toduka-duka. Ikadwala ili yaing'ono siibereka n'komwe. Ikadwala itakula imatha kutulutsa kamkoko kopindika kosagulitsika. Mitundu ya Cavendish, yomwe ndi ya malonda, ndi imene imagwa msanga.

Matendawa amayenda m'njira ziwiri. Yoyamba ndi nsabwe zakuda za nthochi, zotchedwa Pentalonia nigronervosa, zomwe zimabisala m'kati mwa mapesi ndi pa ana ongophuka kumene. Zikayamwa nthochi yodwala zimatenga vayirasi, ndipo zamapiko zimaulukira nayo ku minda yoyandikana. Yachiwiri, yomwe imafikitsa matenda kutali, ndi anthu opatsana mbewu. Mwana wa nthochi amatha kukhala ndi vayirasi kwa masabata angapo asanaonetse chizindikiro, choncho wopereka ndi wolandira onse amakhala osadziwa.

Chisaka chilibe mankhwala. Njira yokhayo ndi kupha nsabwe kaye, kuzula phando lonse ndi tsinde lomwe, kuliduladula kuti liume, kudikira miyezi ingapo popanda nthochi pamalopo, kenako n'kubzala mbewu yopanda matenda. Boma, kudzera mu Unduna wa Zamalimidwe, linachita kampeni yozula nthochi zodwala ndi kugawa mbewu yatsopano, mothandizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, bungwe la FAO ndi pologalamu ya KULIMA ya European Union. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe ku Thyolo ndi amodzi mwa omwe akhala akuchulukitsa mbewu yoyera, yomwe imayambira m'labotale kenako n'kuleredwa m'nazale zotchinga ndi ukonde.

Kampeniyi inavuta, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kuzula tsinde la nthochi lakale ndi ntchito yowawa, ndipo kuuza munthu kuti azule phando lomwe likumupatsabe kamkoko apo ndi apo, pamene mbewu yolonjezedwa sinafike, ndi kumupempha zambiri. Komanso mlimi mmodzi akazula koma mnzake woyandikana naye n'kusiya, nsabwe zimabweretsanso matenda m'munda watsopano. Chisaka sichithetsedwa ndi munthu payekha: pamafunika mudzi wonse, ndi mawu a mfumu. Kwa dera ngati Nkope, komwe nthochi n'zomwazikana m'makomo, mlimi wofuna kutsegula munda wa malonda amayenera kuyamba wayendera mapando a kuseri kwa mabafa a anansi ake.

Kupatula chisaka, pali nankafumbwe wa nthochi yemwe mphutsi zake zimaboola tsinde, tinyongolotsi ta m'nthaka towononga mizu, matenda a mawanga akuda pa masamba, ndi matenda a Panama ofotetsa nthochi.

Kuchokera kumunda kukafika pamsika

Mkoko wogulitsa umadulidwa utakhwima koma usanapse, pamene ngodya za zipatso zayamba kufafanizika. Akaufuna msanga amauvundika: amaukwirira m'dzenje, m'thumba kapena m'dengu ndi masamba, nthawi zina pamodzi ndi mapeyala kapena nthochi zakupsa kale. Zipatso zakupsa zimatulutsa mpweya wa ethylene womwe umapsetsa zinzake, ndipo mpweya womwewu ndi umene makampani akuluakulu amapopera m'zipinda zawo zopsetsera. Kunyanja kutentha kumasokoneza ntchitoyi. Nthochi ya Cavendish ikapsera pamalo otentha kwambiri imafewa m'kati khungu likadali lobiriwira, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu yayamba kale kuda.

Ogulitsa ambiri ndi amayi ndi ana, pa malichero ndi m'mabeseni m'mbali mwa msewu, pa madoko pomwe asodzi amakocheza, pa zipata za sukulu ndi chipatala, ndi m'misika ya Monkey Bay, Makawa ndi Mangochi. Amagulitsa imodziimodzi kapena phava, osati pa sikelo. Msika wina ndi wa mahotela ndi malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola ndi Makokola mpaka ku Cape Maclear. Awa amafuna nthochi zosalala, zofanana kukula, zobwera sabata iliyonse mosaphonya, ndipo mlimi wa mapando 10 sangalonjeze zimenezi payekha.

Nthochi zambiri zimawonongekera pa ulendo. Mikoko imaunjikidwa pa lole popanda chotchinga, pamwamba pake pamakhala matumba ndi anthu, ndipo chilichonse chokhuza khungu la nthochi yaiwisi chimadzaoneka ngati banga lakuda ikapsa. Utomoni wotuluka podula nawo umadetsa zipatso. Mavenda amadziwa kuti gawo la katundu lidzatayika, choncho amatsitsiratu mtengo wogulira kumunda. Mlimi sangakane nthawi yaitali, popeza nthochi si chimanga choti n'kusunga m'nkhokwe kudikira mtengo wabwino.

Misewu yotulukira m'derali ilipo. M10 imalumikizana ndi M5 ku Golomoti, polowera ku Salima, Dedza ndi Lilongwe. M3 imatsika ku Liwonde, Zomba ndi Blantyre, ndipo mbali ina imawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi kukwera ku Namwera mpaka pa chipata cha Chiponde, moyang'anana ndi Mandimba m'chigawo cha Niassa ku Mozambique.

Nthochi zochokera kunja ndi mkangano wa 2025

Nthochi zambiri zogulitsidwa ku Mzuzu ndi ku Lilongwe m'zaka zapitazi zakhala zikuchokera m'chigawo cha Mbeya ku Tanzania, makamaka ku Rungwe ndi ku Kyela, kudzera pa chipata cha Songwe. Zina zimalowa kuchokera ku Mozambique. Dziko losowa ndalama zakunja, lomwe kwacha yake inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, likulipira alimi a mayiko ena pa chipatso chomwe chimamera kuseri kwa nyumba.

Mu Malichi 2025, Unduna wa Zamalonda, womwe nduna yake inali Vitumbiko Mumba, unaletsa kulowetsa m'dziko katundu wina wopezeka m'Malawi momwemo, kuphatikizapo zipatso ndi ndiwo zamasamba. Malole a nthochi anaima pa malire. Nduna ya zaulimi ya Tanzania pa nthawiyo, Hussein Bashe, inabwezera pa 23 Epulo 2025 poletsa zokolola zochokera ku Malawi ndi ku South Africa, dziko lomwe nalo linkakana nthochi za ku Tanzania, ndipo inaopseza kuimitsa feteleza wopita ku Malawi wodzera m'dzikolo. Chiletso cha Tanzania chinachotsedwa patangopita masiku ochepa, ndipo nthumwi za mayiko awiriwa zinagwirizana ku Dodoma pa 2 Meyi 2025. Mkanganowu unaonetsa kuti kutseka chipata n'kosavuta, koma phando lobzalidwa lero silingadzaze msika mpaka chaka chamawa.

Zomwe zimafunika potumiza nthochi kunja

Dziko lolima nthochi zambiri padziko lonse ndi India, koma pafupifupi zonse zimadyedwa komweko. Lotumiza kunja zambiri ndi Ecuador, ndipo ena akuluakulu ndi Philippines, Costa Rica, Guatemala ndi Colombia. Mu Africa, Côte d'Ivoire, Cameroon ndi Ghana amatumiza ku Ulaya. Malondawa ali m'manja mwa makampani ngati Chiquita, Dole, Del Monte ndi Fyffes, ndipo pafupifupi nthochi zonse zowoloka nyanja ndi za Cavendish.

M'minda yotumiza kunja, mkoko umavekedwa thumba lapulasitiki ukadali pa thunthu kuti tizilombo ndi masamba zisaukande. Ukadulidwa saugoneka pansi. Umayenda utapachikidwa pa waya mpaka ku shedi, komwe amaugawa phava ndi phava, kutsuka m'mathanki a madzi kuti utomoni uchoke, kusankha, kuthira mankhwala pa bala la podula, ndi kulongedza m'makatoni a makilogalamu pafupifupi 18. Tsiku lomwelo kapena lotsatira makatoni amalowa m'makontena oziziritsa pa madigiri 13 mpaka 14. Kuzizira kukaposa apa khungu limathimbirira, kukachepa nthochi zimapsera m'njira. Zikafika, zimakhala masiku angapo m'zipinda zopsetsera zisanapite m'masitolo. Pa katundu aliyense pamafunika chiphaso cha boma chotsimikiza kuti alibe matenda ndi tizilombo, ndipo masitolo a ku Ulaya amafunanso ziphaso zina monga GlobalG.A.P.

Malawi alibe doko la panyanja yamchere. Katundu wochokera ku Mangochi angafunike kuyenda makilomita mazanamazana kukafika ku Nacala, kudzera njanji ya Liwonde, Nayuchi ndi Cuamba, kapena ku Beira pa msewu, kuzizira kusanadukepo ngakhale tsiku limodzi. Msika waukulu wapafupi ndi South Africa, koma umadyetsedwa kale ndi minda yake ndi minda ikuluikulu ya kummwera kwa Mozambique, yomwe ili pafupi ndi malire. Njira ina ndi kutumiza nthochi zokonzedwa kale. Kampani ya Malawi Mangoes ku Salima, m'mbali mwa nyanja yomweyi, inayamba ndi kulima nthochi ndi mango mothirira ndi kupanga phala la zipatso lotumiza kunja, lomwe silionongeka msanga ngati chipatso chachiwisi.

Njira ya ku Nacala ili ndi chiopsezo china. M'chaka cha 2013, mtundu watsopano wa matenda a Panama wotchedwa TR4 unapezeka pa munda wa kampani ya Matanuska m'boma la Monapo, chigawo cha Nampula, ndipo aka kanali koyamba kuoneka mu Africa. Mundawo unakhazikitsidwa kuti uzitumiza nthochi kunja kudzera ku Nacala, ndipo matendawa anauwononga kwambiri. TR4 amayamba ndi fangasi wa m'nthaka yemwe amatseka misempha ya madzi ya nthochi, amakhala m'dothi zaka makumi angapo, ndipo amayenda ndi matope a ku nsapato, makasu, matayala ndi madzi othirira. Mtundu wakale wa matenda omwewa ndi umene unathetsa nthochi ya Gros Michel pa msika wa dziko lonse m'zaka za m'ma 1950, ndipo Cavendish analowa m'malo chifukwa ankaupirira. TR4 amapha Cavendish yemweyo, ndipo anafika ku Colombia m'chaka cha 2019 ndi ku Peru m'chaka cha 2021. Msewu wochokera ku Nampula umadutsa ku Cuamba ndi Mandimba n'kulowa m'boma la Mangochi pa Chiponde, choncho mwana wa nthochi wobwera ndi dothi lake kuchokera tsidya limenelo ndi chinthu choopsa kwa alimi a m'derali.

Msika womwe alimi a ku Nkope angaufikire popanda kontena yoziziritsa ndi wa m'dziko momwemo: mahotela a m'mbali mwa nyanja, Mangochi, Zomba, Blantyre ndi Lilongwe, komwe malo a nthochi za ku Thyolo anatengedwa ndi za ku Tanzania. Kuti aulowe pamafunika mbewu yopanda chisaka yochokera ku nazale yodziwika, pampu yothirira m'miyezi ya chilimwe, makreti m'malo mounjika mikoko pa lole, ndi gulu la alimi lobzala mosinthana miyezi kuti sabata iliyonse pazikhala mikoko yodula.